Zaka 70 za Mbewa za ku London, ndi Impso Zathu za M'makomboni

Pa 3 Okutobala 1953, magazini ya sayansi yotchedwa Nature inatulutsa nkhani yaifupi yolembedwa ndi amuna atatu a pa University College London: Rupert Billingham, Leslie Brent ndi Peter Medawar. Mu Okutobala 2023 nkhaniyo inakwanitsa zaka 70. Eni ake onse anatsogola kale: Medawar mu 1987, Billingham mu 2002, Brent mu 2019. Mu 2023 momwemo zinakwananso zaka zisanu kuchokera pamene madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka, UTH yathu yomweyi, anachita opaleshoni yoyamba m'Zambia muno yoika impso ya munthu wina m'thupi la wodwala, mu 2018. Zikumbutso ziwirizi n'zapachibale. Chachiwiri chinabadwa m'choyamba, ndipo choyambacho chinasiya lonjezo limene silinakwaniritsidwebe, lonjezo limene munthu wa m'komboni ya Kanyama kapena ya George akulifuna kwambiri kuposa munthu wa ku London.

Nkhani ya amuna atatuwo inali ya mbewa. Ife ochokera kummawa, amene tinadzaza Kalingalinga, Mtendere ndi Chawama, mbewa timaidziwa kuti ndi ndiwo: yokumba kumunda anthu akakolola, yowiritsa ndi mchere, yopana pakamtengo. Mbewa za m'nkhaniyi n'zina. N'zowetedwa m'nyumba zofufuzira, zokwatitsidwa pachibale mibadwo yambirimbiri mpaka mbewa zonse za mtundu umodzi zitafanana magazi ngati mapasa enieni. Zinalipo za mtundu wotchedwa CBA, zaubweya wodera, ndi za mtundu wotchedwa A, zoyera mbee. Pa tinyama timeneti anthu anaphunzira chinthu chimene madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankati n'chosatheka: kuti thupi likhoza kuphunzitsidwa kulandira mnofu wachilendo.

Moto wa nkhondo

Medawar sanali dokotala wa anthu. Anali katswiri wa zanyama pa Oxford, wobadwira ku Brazil mu 1915 kwa bambo wa ku Lebanon ndi mayi wa ku England. Chinamukokera ku nkhani ya khungu ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndege ya nkhondo inagwa pafupi ndi kwawo ku Oxford, munthu amene anali m'ndegemo n'kupsa koopsa. Munthu akapsa thupi lonse sakhala ndi khungu lokwanira loti madokotala asende pena n'kumata pena. Khungu la munthu wina likamatidwa pabala, masiku oyamba linkagwira bwinobwino, magazi n'kuyamba kuyendamo, koma pakapita sabata imodzi kapena ziwiri linkada, kuuma, n'kugwa. Chifukwa chake sichinkadziwika bwino. Ena ankaganiza kuti vuto ndi kasokedwe, kuti dokotala waluso kwambiri akhoza kuligonjetsa.

Medawar anapita ku Glasgow Royal Infirmary kukagwira ntchito ndi dokotala wa maopaleshoni, Thomas Gibson. Kumeneko kunali mayi wachitsikana amene anapsa kwambiri, ndipo anamumata tizidutswa ta khungu la mlongo wake. Patapita masiku anamumatanso tina ta mlongo yemweyo. Tachiwirito tinafa msanga kuposa toyamba tija. Awiriwo analemba zimenezi mu 1943, ndipo Medawar anazitsimikiza pobwereza kambirimbiri pa akalulu. Tanthauzo lake linali loonekeratu: thupi linali litakumbukira. Chimene chinkapha khungu lachilendo si mpeni wa dokotala ayi, koma chitetezo cha m'thupi, asilikali omwe aja amene anamwino a kukliniki amatiuza akamafotokoza za CD4.

Masiku ano tikudziwa mmene asilikaliwo amazindikirira mlendo. Maselo a thupi lathu ali ndi zizindikiro pamwamba pake, zimene mwa anthu zimatchedwa HLA. Theka la zizindikirozo timatengera kwa mayi, theka kwa bambo. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi, bambo mmodzi, amakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana zizindikiro zonse, pamene anthu awiri ongokumana pa City Market kufanana kwawo n'kwa apo ndi apo. Maselo oyera a m'magazi akapeza chizindikiro chimene sakuchidziwa, amachita zomwe amachita akapeza kachilombo: amasonkhana n'kuwononga. Sasiyanitsa pakati pa mdani ndi impso imene mlongo wako wakupatsa mwachikondi.

Zimene anaulula mapasa a ng'ombe

Njira yotulukira m'vutoli inaonekera kukhola. Mu 1945, Ray Owen wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America anapeza chodabwitsa pa mapasa a ng'ombe. Mapasa osafanana, ochokera ku mazira awiri, akakhala m'mimba mitsempha ya nsengwa zawo imalumikizana, magazi n'kumasakanikirana. Owen anaona kuti ng'ombe zotere zikakula, iliyonse imakhalabe ndi magazi a mitundu iwiri, ake ndi a mnzake, ndipo thupi silichita nawo nkhondo magazi achilendowo. Mu 1949, Frank Macfarlane Burnet ndi Frank Fenner a ku Australia anatenga mfundo imeneyi n'kunena kuti thupi silibadwa likudziwa kale kuti ichi n'changa, ichi n'cha wina. Limaphunzira lili m'mimba, ndipo chimene lakumana nacho nthawi imeneyo limachiyesa chake.

Medawar anafika pa ng'ombe podzera njira ina. Pa msonkhano wa akatswiri ku Stockholm mu 1948, katswiri wa zoweta, Hugh Donald, anamufunsa njira yosiyanitsira mapasa enieni a ng'ombe ndi mapasa osafanana. Medawar anayankha kuti n'zosavuta: kungosinthanitsa zikopa. Mapasa enieni adzalandirana, osafanana adzakanana. Iye ndi Billingham, panthawiyo ali ku Birmingham, anapita kufamu kukachita zimenezi, koma zinawatembenukira. Mapasa ambiri analandirana zikopa, ngakhale pamene wina anali wamphongo, wina wamkazi, zimene zinkasonyeza poyera kuti si mapasa enieni. Atawerenga za Owen ndi Burnet, anamvetsa chimene ankaona. Funso linatsala limodzi: zimene chilengedwe chimachita m'mimba mwa ng'ombe, kodi munthu angazichite dala?

Mbewa zisanu

Mu 1951 Medawar anasamukira ku London, natenga Billingham ndi mnyamata wina amene anali wophunzira wawo ku Birmingham, Leslie Brent. Ntchito imene anaipanga inafuna manja osanjenjemera. Anatenga mbewa yaikazi ya mtundu wa CBA yokhala ndi bere la masiku 15 kapena 16. Bere la mbewa limatenga pafupifupi milungu itatu, choncho tiana tinali titatsala pang'ono kubadwa. Anaigoneka ndi mankhwala, n'kubaya kamwana kalikonse kali m'mimba momwemo ndi jakisoni wa maselo otengedwa ku kapamba, impso ndi machende a mbewa yaikulu ya mtundu wa A. Tiana tobayidwa tinali tisanu ndi kamodzi, ndipo tobadwa tamoyo tinali tisanu.

Anadikira milungu isanu ndi itatu kuti tikule. Kenaka kambewa kalikonse anakamata kachikopa ka mbewa ya mtundu wa A. Mwachizolowezi, mbewa ya CBA imataya chikopa chotere pakatha masiku pafupifupi 11. Mbewa ziwiri zinatayadi msanga. Zitatu zotsalazo sizinatero. Chikopa chinagwira, chinachira m'mbali, n'kumera ubweya woyera pamsana pa mbewa yodera. Pa imodzi mwa zitatuzo chikopa chinadzafota pang'onopang'ono patapita nthawi yaitali, koma pa ziwiri chinakhazikika ngati chobadwa nacho.

Amuna atatuwo sanathamangire kukondwera. Anafuna kudziwa ngati anangofooketsa chitetezo chonse cha mbewazo. Atamata chikopa cha mtundu wachitatu wa mbewa pa mbewa zolandira za A, chinakanidwa monga mwa nthawi zonse. Asilikali a m'thupi anali amoyo, ali tcheru. Anangophunzira kulekerera mlendo mmodzi yekhayo amene anakumana naye asanabadwe. Anayesanso njira ina: mbewa imene inali italandira chikopa choyera anaiika anabele otengedwa ku mbewa inzake ya CBA imene inali itakanapo kale chikopa cha A. Chikopa chimene chinakhala bwinobwino masiku ambiri chija chinafa. Apa zinatsimikizika kuti chimene chinasintha si chikopa, koma thupi lochilandira.

M'makomboni mwathu zimenezi si zachilendo kuzimva. Mwana wa malemu mlongo wako akabwera kuchokera ku Petauke kapena ku Katete ali wakhanda, amakula akudya m'mbale imodzi ndi ana ako, ndipo palibe woyandikana naye nyumba amene amafunsa kuti ndi wa ndani. Munthu yemweyo akafika ali ndi ndevu, usiku, atanyamula chikwama, agalu amauwa ndipo anthu amatuluka ndi mafunso. Magazi ndi omwewo, chasiyana ndi nthawi yofikira. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsata lamulo lomwelo.

Chaka chomwecho cha 1953, Milan Hašek ku Prague anapeza zofanana polumikiza mitsempha ya anapiye awiri adakali m'mazira. Mu 1960 Medawar ndi Burnet analandira mphoto ya Nobel. Medawar anagawana ndalama za mphotoyo ndi Billingham ndi Brent, ndipo analembera Owen kalata yonena kuti iyenso anayenera kukhala nawo pa ulemuwo. Ndi khalidwe loyenera kulikumbukira pamodzi ndi sayansi yake.

Mnyamata wa pa sitima

Pa atatuwa, mbiri ya Brent ndi imene imandikhudza mtima kwambiri. Anabadwa mu 1925 m'tauni ya Köslin ku Germany, imene lero ili ku Poland ndipo imatchedwa Koszalin. Dzina lake lobadwa nalo linali Lothar Baruch, mwana wa Ayuda. Mu Disembala 1938, ali ndi zaka 13, anali m'gulu loyamba la ana amene anathawitsidwa pa sitima kupita ku England kuopa ulamuliro wa Hitler. Makolo ake ndi mlongo wake anatsala, ndipo anaphedwa. Analowa usilikali wa Britain, nasintha dzina kuti asadzazindikirike ngati atagwidwa, ndipo nkhondo itatha anapita kusukulu. Ena mwa manja amene anagwira ntchito ya mbewa zija anali a munthu amene dziko lake linamuyesa mlendo n'kumutaya, dziko lina n'kumulandira. Lusaka ndi mzinda wa anthu obwera, ndipo ena mwa anansi athu ndi othawa nkhondo ku Congo, ku Rwanda ndi ku Burundi. Mbiri ya Brent itikumbutse kuti mwana wothawa amene walandiridwa lero akhoza kudzakhala wopulumutsa miyoyo ya anthu amene sadzawaona n'komwe.

Njira yachidule ya mankhwala

Munthu wamkulu amene impso zake zafa sangabwezedwe m'mimba mwa mayi ake kuti akabayidwe jakisoni. Amuna atatuwo ankadziwa zimenezi. Billingham ndi Brent anapezanso choopsa china: nthawi zina maselo obayidwawo ndi amene ankatembenuka n'kuyamba kumenya thupi la kamwana kolandira, kambewako n'kupinimbira mpaka kufa. Komabe mbewa za mu 1953 zinachotsa mawu akuti "n'zosatheka", ndipo madokotala a maopaleshoni analimba mtima.

Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, Joseph Murray anaika impso yochotsedwa kwa Ronald Herrick mwa mnzake wobadwa naye mapasa enieni, Richard. Popeza zizindikiro zawo zinali zofanana, thupi silinakane, ndipo Richard anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zitatu. Koma ndi angati ali ndi mapasa enieni? Kwa ena onse, madokotala anatsata njira ina: m'malo mophunzitsa asilikali a m'thupi, kuwagoneka ndi mankhwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera azathioprine, wopangidwa ndi Gertrude Elion ndi George Hitchings, womwedwa pamodzi ndi prednisone. Mu 1978 Roy Calne ku Cambridge anayamba kupatsa odwala ciclosporin, mankhwala ochokera ku nkhungu ya m'dothi la ku Norway. Kenaka kunabwera tacrolimus, wopezeka ku Japan mu 1984, amene lero ndi msana wa chithandizo cha anthu oikidwa impso.

Mankhwalawa apulumutsa anthu osawerengeka, ndipo palibe wanzeru angawanyoze. Koma mtengo wake unaonekera msanga, kuno ku Africa komwe. Pa 3 Disembala 1967 Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Mtimawo unagwira ntchito, koma patatha masiku 18 Washkansky anamwalira ndi chibayo, chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima anali atagwetsa chitetezo chake. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pamenepa. Mbewa za Medawar zinalekerera mlendo mmodzi, n'kukhalabe zamphamvu kwa adani ena onse. Mankhwala amatsegula khomo kwa mlendo ndi kwa mbala yomwe.

Kubwerera ku Kanyama ndi impso yatsopano

Tsopano tiibweretse nkhaniyi kwathu. Matenda a impso sasankha Kabulonga kapena Chibolya. Amabwera ndi BP imene yakhala zaka osapimidwa, ndi shuga, ndi HIV, ndi mapilitsi opha ululu monga brufen ndi diclofenac omwedwa tsiku ndi tsiku popanda dokotala, ndiponso ndi mankhwala ena azitsamba amene mphamvu yake palibe anaiyeza. Impso zimafa mwakachetechete. Munthu amadzazindikira miyendo itatupa, nkhope itatupa m'mawa, chakudya chisakulowa, mpweya ukuperewera. Akafika pa chipatala cha Kanyama, Chawama kapena Matero, amatumizidwa ku UTH, ndipo kumeneko amamva mawu akuti dialysis: makina osefa magazi, maola pafupifupi anayi pa ulendo uliwonse, kangapo pa sabata, kwa moyo wonse. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto kapena bambo woyendetsa minibasi akayamba moyo umenewu, ntchito imaima, ndalama ya thiransipoti imadya ya ufa, ndipo banja lonse limadwalira pamodzi.

Kuikidwa impso ndiko kumamasula munthu ku makinawo. Chisanafike chaka cha 2018, Mzambia wofuna chithandizo chimenechi ankayenera kupita kunja, makamaka ku India kapena ku South Africa, ulendo umene anthu a m'komboni ambiri sangaulote. Opaleshoni ya pa UTH inasonyeza kuti ntchitoyi ingachitike pakhomo, ndipo madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito m'malabu amene anaikonzekera ayenera kuthokozedwa ndi mtima wonse.

Koma opaleshoni ndi tsiku limodzi. Taganizirani bambo amene walandira impso ya mng'ono wake, watuluka m'chipatala, wabwerera ku Kanyama. Kuyambira tsiku limenelo ayenera kumwa mankhwala m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, chifukwa asilikali a m'thupi saiwala, ndipo akangodzuka impso ya mng'ono wake ili pangozi. Ayenera kumapimitsa magazi kawirikawiri kuti aone ngati mankhwala akwanira, chifukwa akachepa impso imakanidwa, akachuluka mankhwala omwewo amawononga impso. Mwezi umene mankhwala asowa pa famase, kapena ndalama yasowa m'thumba, ndi mwezi umene mphatso ya m'bale wake ikhoza kutayika.

Ndiyeno onani kumene akubwerera. Mvula ikagwa, madzi amadzaza m'misewu ndi m'mabwalo, zimbudzi zokumba n'kusefukira pafupi ndi zitsime zosazama. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 ku Chipata komboni n'kufalikira ku Kanyama unadwalitsa anthu oposa 5,000, mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala. TB ili m'minibasi yodzaza ndi m'nyumba za chipinda chimodzi. Munthu wogonekedwa chitetezo amene akukhala ku London amakumana ndi tizilombo tochepa kuyerekeza ndi mnzake wa ku George. Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti lonjezo la mu 1953, la thupi lolandira impso popanda mankhwala a moyo wonse, chitetezo chili chilili, ndi lathu kuposa la wina aliyense. Kwa olemera lingachepetse mavuto. Kwa ife lingasiyanitse moyo ndi imfa.

Lonjezolo silinafe

Ofufuza sanasiye njira ya mbewa ija. Ku Johannesburg, Bert Myburgh anatha zaka zambiri akuyesa pa anyani, kenaka pa odwala, kuwomba anabele ndi cheza champhamvu kuti thupi lilandire chiwalo chachilendo. Mu 1995 Shimon Sakaguchi wa ku Japan anaonetsa, pa mbewanso, kuti pakati pa asilikali a m'thupi pali gulu lina limene ntchito yake ndi kuletsa anzawo kumenya pamene sipafunika nkhondo. Mu 2008 madokotala a pa Massachusetts General Hospital ku Boston analengeza za odwala asanu amene analandira impso pamodzi ndi mafuta a m'mafupa a munthu yemwe anapereka impsoyo. Cholinga chinali chakuti kwa kanthawi magazi a wodwala akhale a mitundu iwiri, monga ng'ombe za Owen, kuti chitetezo chiphunzirenso kuti wake ndani. Anayi mwa asanuwo anasiya mankhwala onse oletsa kukana, impso zikugwirabe ntchito. Ku Stanford nakonso anachita zofanana.

Njirayi idakali yoopsa, yodula, ndi ya odwala ochepa osankhidwa bwino. Palibe wodwala wa pa UTH amene ayenera kusiya mankhwala ake chifukwa chowerenga zimenezi. Kutero n'kutaya impso. Koma zimene zinachitika pa mbewa zisanu zaonekanso pa anthu, ndipo funso latsala ndi la kufewetsa njirayo ndi kuitsitsa mtengo. Pa ntchito imeneyo Africa sayenera kungodikira. Mu 2008 momwemo, Elmi Muller wa pa Groote Schuur anayamba kuika impso za anthu amene anali ndi HIV mwa odwala amene alinso ndi HIV, chinthu chimene maiko olemera anali asanayerekeze, ndipo pambuyo pake America inasintha malamulo ake n'kutsata. Funso lobadwira m'mavuto athu linayankhidwa ndi dokotala wa kuno, dziko lonse n'kuphunzirapo.

Mantha athu, ndi ntchito yathu

Pali chinthu china chimene sitingachilambalale. Mu 2016 mitembo inapezeka ku George, ku Zingalume ndi madera oyandikana ndi Matero itachotsedwa ziwalo. Mkwiyo unabuka, mphekesera zinayenda, ndipo mu Epulo chaka chimenecho mashopu a anthu ochokera ku Rwanda anathyoledwa m'makomboni ambiri. Bala limenelo silinapole m'mitima ya anthu, ndipo ena akamva za kupereka impso amakumbukira masiku amenewo. Tiyenera kunena momveka kuti zinthu ziwirizi sizigwirizana ngakhale pang'ono. Kupha munthu chifukwa cha zizimba ndi uchigawenga. Chiwalo chodulidwa kutchire usiku sichingaikidwe mwa munthu aliyense. Impso yopulumutsa moyo imafuna kupima magazi a anthu onse awiri kwa milungu, kuona ngati akugwirizana, kufunsa woperekayo payekha ngati wavomera mosakakamizidwa, ndi magulu awiri a madokotala m'chipinda cha opaleshoni. Munthu wathanzi amene wapimidwa bwino amatha kukhala moyo wake wonse ndi impso imodzi. Zimenezi ziyenera kukambidwa m'matchalitchi, m'mizikiti, pamaliro ndi pa wailesi, m'Chinyanja chomveka, kuti banja likadzafunsidwa lisadzayankhe ndi mantha okhaokha.

Kukumbukira Billingham, Brent ndi Medawar kuli ndi phindu ngati kutipatsa chochita. Choyamba chili m'manja mwa aliyense: impso yabwino koposa ndi imene unabadwa nayo. Kupimitsa BP ndi shuga pa kliniki ya Mtendere, Kalingalinga kapena George sikutenga tsiku lonse. Amene ali pa ma ARV afunse za kupima impso. Amene wapatsidwa mankhwala a BP asawasiye chifukwa mutu waleka kupweteka. Abambo makamaka timazengereza, timati kukliniki n'kwa amayi ndi ana, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Chachiwiri chili m'manja mwa boma. Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA ayenera kuona kuti munthu woikidwa impso sakusowa mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ndi kuti kupima magazi kukuchitika pamtengo umene wa m'komboni angaukwanitse. Kuchita opaleshoni yodula n'kulephera kusunga mapilitsi ake n'kutaya zonse, ndalama za dziko ndi nsembe ya m'bale woperekayo. Madzi aukhondo ndi ngalande za ku Kanyama nazonso ndi mbali ya chithandizo chimenechi, ngakhale sizilembedwa pa khadi la kuchipatala.

Chachitatu ndi cha ana athu. Kalingalinga wagundana mpanda ndi University of Zambia, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel. Sukulu ya madokotala a anthu ili ku Ridgeway pafupi ndi UTH, ndipo ku Ndola kuli malo ofufuzira za matenda. Ntchito ya mu 1953 sinafune makina a mabiliyoni. Inafuna mbewa zowetedwa mosamala, singano, maso akuthwa, anthu atatu ogwirizana, ndi kulimba mtima kovomereza pamene ng'ombe zinatsutsa zimene mphunzitsi wamkulu ankayembekeza. Mafunso amene akutidikira ndi athuathu: mmene thupi lokulira pakati pa malungo, TB ndi HIV limalandirira chiwalo chachilendo, ndi mmene zizindikiro za HLA za anthu a kuno, amene ndi osiyanasiyana magazi kuposa anthu a kontinenti ina iliyonse, zingagwirizanitsidwire. Ofufuza a ku Boston sadzayamba ndi mafunso amenewa. Boma, mayunivesite ndi makampani a m'dziko muno aike ndalama mu kafukufuku wotere, ndipo mtsikana wa giredi 12 wa ku Chawama amene amakonda biology auzidwe ndi aphunzitsi ake kuti ntchito imeneyi ilipo, ndi yosatha, ndipo ikumudikira iyeyo.